Kalumo ka Mlendo ndi Mthiko wa Agogo Anu

 Chisanu chayamba kuluma, ndipo ogulitsa kachewere pamphambano ya Tsangano akumayamba aotha moto asanayale malonda awo. Ife tadzuka, kupatula mawondo amene masiku ano amatsutsana nane m'mawa uliwonse.

Lero ndapatukako pa nkhani zathu za miyambi ndi miyambo kuti ndiyankhe funso limene landifika kawiri, koyamba kuchokera kwa mdzukulu wanga wamkazi wa ku Lilongwe, kachiwiri kuchokera kwa mlongo wake amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Funso lake ndi ili: "Agogo, tikufuna kusonkhanitsa kaphikidwe konse ka agogo aakazi kuti tikasunge m'foni, komanso tizitha kuona ngati zimene tikudya zikukwanira m'thupi. Tisankhe pulogalamu iti?" Wina angadabwe kuti funso lotere likufunsidwa kwa nkhalamba imene idaphunzira kulemba pansi ndi chala isanagwire sileti. Komatu pa nkhani iyi yokha ndili ndi chonena, pakuti phulali ndidalilawa ndekha.

Zidayamba pamene achipatala adandipeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, nandichenjeza kuti shuga nayenso waima pakhomo. Sindili ndekha pa zimenezi. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri a iwo osadziwa n'komwe. Mdzukulu wanga wa ku Lilongwe uja, amene mwa mwambo wathu ndimamuseleula kuti ndi mkazi wanga wamng'ono, atamva nkhaniyi adabwera, nalanda foni yanga, naikamo pulogalamu ina yowerengera chakudya. Dzina lake sinditchula. Adati, "Agogo, chilichonse chimene mwadya muzilemba umu, iyo izikuuzani ngati mwapyola muyeso." Ndidavomera, pakuti akulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo munthu amene adatha moyo wake akuuza ana kuti asaope zatsopano sayenera kuyamba kuthawa iye mwini.

Tsiku loyamba, chakudya cha masana chinali nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera ndi tinyemba. Nditalemba mawu akuti nsima, padatuluka mizere ingapo, uliwonse ndi nambala yakeyake, ndipo manambalawo adasiyana ngati mboni zabodza pabwalo la mfumu. Panalibe mzere wonena ngati nsimayo ndi ya ufa woyera, ya mgaiwa, ya mapira kapena ya chinangwa. Nditalemba nkhwani, pulogalamu idangoti kukamwa yasa. Mdzukulu adamasulira m'Chingerezi, ndipo chimene chidatuluka pamwamba chinali chitumbuwa cha maungu chimene amadya ku America. Masiku otsatira ndidayesa chisoso, denje, thobwa, ngumbi, masuku. Zonsezi kwa mlendo wathuyu zinali ngati sizidalengedwe.

Vuto lalikulu lidadza pa muyeso. Pulogalamu inkafuna kudziwa kuti ndadya magalamu angati. Ndidabwereka kasikelo kwa mnansi wina, ndipo madzulo ake ndidanyamula mtanda wa nsima kuti ndiuyeze. Agogo anu adandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Kodi bambo, nsima yangayi yasanduka fodya wa ku okushoni?" Sindidayankhe, chifukwa adanena zoona. Ife tidaleredwa podziwa kuti kuwerenga mbamu zimene munthu akumeza ndi khalidwe la munthu womana. Mwana akamayang'anitsitsa dzanja la mlendo likamapita kumbale, amayi ake ankamutsina pantchafu. Ndiponso kwathu kuno ndiwo zimakhala m'mbale imodzi, manja angapo n'kumapisa momwemo. Nanga ndani angadziwe kuti nkhwani amene ine ndidasusa anali magalamu angati? Amene adapanga pulogalamu ija ankaganizira munthu wodya yekha, pambale yakeyake, chakudya chochokera m'paketi yolembedwa manambala kumbuyo. Sindikuwanena kuti adalakwa. Adasoka malaya poyeza thupi la kwawo.

Ndisakhale ngati mphunzitsi amene amangoona zolakwa m'kope la mwana. Kalumo kaja kadameta ndithu pa malo awiri. Kadandionetsa kuti masupuni atatu a shuga m'kapu ya tiyi, katatu pa tsiku, ndi mulu umene sindikadaulola nditauona pambale nthawi imodzi. Kadandiphunzitsanso kuti mchere umene a WHO amalangiza munthu wamkulu ndi wosafika magalamu 5 pa tsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa m'ndiwo womwe, pamene ine ndinkawaza wina pamwamba ndisanalawe n'komwe. Pa ziwiri izi ndidasintha, ndipo ndikuthokoza. N'chifukwa chake sindikukuuzani kuti mutaye zipangizo zimenezi. Ndikungofuna kuti musanasankhe muifunse pulogalamuyo mafunso amene mungafunse munthu wofuna kulowa m'banja mwanu: kwanu n'kuti, ukudziwa chiyani za kuno, ndipo tikadzasiyana katundu wathu udzatibwezera?

Tiyambe ndi kwawo. Foni siidziwa kanthu pa yokha. Nambala iliyonse imene imakuonetsani idachokera m'buku la akatswiri amene adatenga chakudya, nachipima m'nyumba zopimira zinthu, nalemba kuchuluka kwa mphamvu, mapuloteni, mafuta, ayironi ndi mavitamini m'magalamu 100 alionse. Mapulogalamu ambiri otchuka amadalira kwambiri mabuku a ku America ndi ku Ulaya, ndipo ena, monga MyFitnessPal, amalolanso munthu wamba aliyense kuonjezera chakudya ndi manambala ake. Apa ndiye pamachokera mboni zotsutsana zija. Munthu wina ali kutali adalemba nsima mongoganizira, winanso adalemba zake, ndipo iwe wobwera pambuyo umangotola. Akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Chimene ambiri a inu simudziwa n'chakuti ntchito yopima chakudya chathu idayamba kale, ine ndisanabadwe. Mu 1938 boma la atsamunda lidatumiza gulu lotsogozedwa ndi dokotala B. S. Platt kukakhala m'midzi itatu ya m'boma la Nkhotakota la nthawi imeneyo, kukaona zimene anthu ankalima ndi kudya. M'gululo munali mayi wina amene pambuyo pake adadziwika ndi dzina lakuti Jessie Williamson. Iyeyu adakhala pansi ndi amayi a m'midzi, nafunsa dzina la tsamba lililonse ndi kaphikidwe kake, ndipo mu 1955 adatulutsa buku la Useful Plants of Nyasaland, limene lidakonzedwanso mu 1975 pa dzina la Useful Plants of Malawi. Nditalipeza koyamba m'nyumba ya mabuku ya kukoleji ya aphunzitsi ndidachita manyazi, poona kuti mlendo adalemba mwaulemu mayina a ndiwo zimene ife ophunzira tinkazibisa anzathu akabwera kudzacheza kwathu.

Patapita zaka zambiri, mu 2019, dziko lino lidatulutsa buku lakelake la manambala a chakudya, lotchedwa Malawian Food Composition Table. Idali ntchito ya akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya LUANAR ndi nthambi ya boma yoona za kadyedwe koyenera, mothandizana ndi anzawo a ku South Africa ndi a yunivesite ya Tufts ku America. M'menemo muli zakudya zoposa 300, zosaphika ndi zophika zomwe, ndipo mayina athu adalembedwa pambali pa a Chingerezi. Si buku langwiro, pakuti manambala ena adachita kubwereka ku mabuku a mayiko ena, koma ndi lathu, ndipo limapezeka pa intaneti ulere. Tsono muyeso wanga woyamba ndi uwu: pulogalamu imene siikulolani kulembamo chakudya chanuchanu, m'dzina lake lenileni, ndi manambala amene mwatenga m'buku la 2019 limeneli, isiyeni ngakhale ikhale yokongola motani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina anena kuti chimanga ndi chimanga, cha ku America ndi cha ku Bwanje n'chimodzimodzi. Iyayi. Taonani ufa wokha. Amayi akafuna ufa woyera amakonola chimanga, napeta gaga, naviika mphale m'madzi masiku angapo, naitsuka, naiyanika, kenako n'kupita nayo kuchigayo. Pa ulendo wonsewu pamatayika khungu ndi mtima wa njere, m'mene mumakhala mafuta, mavitamini a gulu la B ndi gawo lalikulu la ayironi ndi zinki. Mgaiwa umasunga zonsezi. Tili ana asukulu tinkaunyoza mgaiwa kuti ndi chakudya cha kundende ndi cha kusukulu zogonera konko, lero achipatala akuuza ife odwala shuga kuti ndiwo tiziukonda. Komabe musafulumire kunena kuti amayi athu ankangotaya chakudya mwaumbuli. Kukonola ndi kuviika kumachotsanso gawo lalikulu la poizoni wa chuku amene amamera pa chimanga chosauma bwino, ndipo kuviika kumachepetsa chinthu china cha m'njere chimene chimatsekereza thupi kutenga ayironi ndi zinki. Pali kutaya, palinso kupindula. Pulogalamu imene ili ndi mzere umodzi wokha wa ufa wa chimanga singakuuzeni nkhani yonseyi.

Zitsanzo zina n'zosachepa. Shuga wogulitsidwa m'sitolo za m'dziko muno amathiridwa vitamini A, chimodzimodzinso mafuta ophikira a m'mafakitale, pamene shuga wa m'buku la ku America alibe. Mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, ili ndi vitamini A wochuluka, pamene yoyera m'kati ilibe kwenikweni, koma zonse timangoti mbatata. Ngakhale nthaka imalowererapo. Kafukufuku wa Dr. Allan Chilimba ndi anzake, amene adasindikizidwa mu 2011, adaonetsa kuti chimanga cholimidwa m'dothi lakuda la makande, monga la kuchigwa cha Shire, chimatha kukhala ndi mchere wofunika m'thupi wotchedwa selenium wochuluka kufikira kakhumi kuposa cha m'madera ambiri a dziko lino. Choncho foni ikakuuzani nambala yokhala ndi timadontho tambirimbiri ngati yankho la samu, muziilandira monga mmene timalandirira ulosi wa zanyengo pawailesi.

Funso lachiwiri n'lakuti kodi pulogalamuyo ikuwerenga chiyani. Ambiri mwa mapulogalamuwa adapangidwira anthu ofuna kuchepetsa thupi, n'chifukwa chake nambala yaikulu pamwamba imakhala ya makalori, ndipo ukadya pang'ono amakuombera m'manja. Kwa ine nkhalamba ya mimba yotsogola, ndi kwa ena a inu okhala m'maofesi, zimenezo zili ndi malo ake. Koma vuto la mudzi wathu ndi la mitu iwiri. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo adapeza kuti mu 2010 ana 47 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu anali opinimbira, ndipo mu 2015 mpaka 2016 chiwerengerocho chinali 37. Ana oterewa ndidawaona zaka zonse za uphunzitsi wanga, muno m'boma limene malole amadzaza kabichi, matimati, nyemba ndi kachewere pa Lizulu kupita nazo ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ambiri sankagona ndi njala. Ankakhuta nsima ndi ndiwo yamtundu umodzimodzi tsiku ndi tsiku, zabwinozo zitapita kumsika. Mwana wotere makalori ake akhoza kukwana, foni n'kumuyamikira, thupi lake likulira.

Pamene ndinkayamba kuphunzitsa tinkaloweza ana magulu atatu a zakudya: zopatsa mphamvu, zokulitsa ndi zoteteza ku matenda. Pambuyo pake boma lidawagawa kukhala asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ndaganizira nthawi yaitali, ndipo ndaona kuti kwa banja lodyera mbale imodzi muyeso umenewu ndiwo woona, pakuti sulira sikelo. Madzulo mayi angathe kufunsa kuti, lero m'nyumba muno tadya magulu angati? Nsima ndi nkhwani wotendera ndi kale magulu atatu kapena anayi, chifukwa nsinjiro zabweretsa zanyemba ndi mafuta omwe. Onjezani tiusipa kapena ngumbi, ndi papaya kapena masuku, mwamaliza. Ngati mupeza pulogalamu yokulolani kuchonga magulu amenewa tsiku lililonse, imeneyo ndiyo yoyenera kuno. Ngati simuipeza, jambulani mizere isanu ndi umodzi pa kalendala ya pakhoma. Kuwerengera kwa magalamu kusiyireni wodwala amene achipatala amulamula, ndipo iyeyo ayeze kamodzi mtanda wa chipande cha m'nyumba mwake, alembe, asamavutitsenso wophika.

Tsopano ndifike pa gawo limene landilemetsa mtima, la kusunga kaphikidwe. Ndinali ndi mlongo wanga wamkulu, azakhali a makolo anu, amene ambiri a inu mudawaona ali okalamba kale. Sadapite kusukulu, chifukwa bambo athu adati ndalama zilipo za mwana mmodzi, ndipo mwanayo adali ine. Koma m'nkhalango za m'mapiri athu ano iwo ndiwo adali mphunzitsi wamkulu. Mvula ikagwa ankalawira ndi dengu, nabwera ndi bowa wa mitundumitundu: utale, ndelema, manyame, chipindi. Ankadziwa mtengo umene bowa aliyense amamera pansi pake, wofunika kuyamba wawiritsidwa n'kutaya madzi, woyenera kufutsa, ndi wofanana ndi wodyedwa koma wakupha. M'chaka cha njala cha 2002, pamene anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi, nyumba yawo idapulumuka ndi zikwatu za mfutso zimene zinali lende kudenga la khitchini ndi zinthu zakutchire zimene ena adaziiwala. Ine, amene ndidalemba mabuku a kaundula a ana zikwizikwi, sindidalembepo ngakhale tsamba limodzi la zimene mlongo wanga ankadziwa. Ndinkati ndidzalemba ndikapuma ntchito. Nditapuma ndinkati ndidzalemba mvula ikatha. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Lero ndikaona bowa pamsewu ndimagula wa mitundu iwiri yokha imene ndili nayo chikhulupiriro, inayo ndimaidutsa ngati mlendo m'dziko la eni.

Ndanena zimenezi kuti mumvetse chifukwa chake ndikukangamira pa nkhani imene ena angaiyese yachibwana. Agogo anu aakazi ali moyo, ndipo mutu wawo uli bwinobwino. Koma zimene akudziwa sizingalowe m'timabokosi timene mapulogalamu a kaphikidwe amakonza, takuti zofunika n'zakutizakuti, makapu angapo, mphindi zingapo. Afunseni kaphikidwe ka nkhwani wotendera. Adzakuuzani kuti muthyole masamba anthete a kunsonga, muwasadzule, muwaduledule, muike m'madzi ochepa owira kale. Mukafunsa kuti madzi ochuluka bwanji, adzati ongokwanira. Mukafunsa kuti nsinjiro zithiridwe liti, adzati mukaona kuti masamba agonja. Mukafunsa kuti zapsa liti, adzati fungo la mtedza wauwisi likachoka ndipo mphika ukayamba kulira mwina. Muyeso wawo uli m'dzanja, m'mphuno ndi m'khutu. Choncho chipangizo choyenera ntchito imeneyi n'chimene chimalola kusunga mawu awo enieni ndi zithunzi zoyenda za manja awo, pambali pa zolembedwa. Foni iliyonse yamakono imatha kujambula mawu ndi kanema popanda kugula china chilichonse.

Muonetsetsenso kuti muli malo olembamo nyengo, malo ndi mwambo. Buku la kaphikidwe la kunja limayesa kuti chilichonse chimapezeka m'sitolo chaka chonse. Kwathu chakudya chimayenda ndi mwezi. Ngumbi zimatuluka ndi mvula yoyamba, bowa ndi chisoso ndi za dzinja, maungu ndi mondokwa ndi za pamene njala ikutsazika, mfutso ndi wa chilimwe pamene kudimba kwauma. Kaphikidwe ka mfutso kopanda kunena kuti masamba a khobwe amafutsidwa liti, amayanikidwa motani, ndi kuti chikwatu chimakulungidwa ndi masamba a msuku n'kupachikidwa pofika utsi, n'kaphikidwe kodulidwa mutu. Chimodzimodzinso uwende wa ife Angoni, magazi a ng'ombe kapena mbuzi ophikidwa pa tsiku lozinga chiweto. Kulemba kaphikidwe kake osanena kuti unkadyedwa pa zochitika zotani, ndani ankagawa, ndipo ziwalo zina za nyama zinkapita kwa yani, ndiko kusunga chikopa nyama itathawa.

Polemba musakometsere. Miyambo ina ya kadyedwe idatipweteka, ndipo ilembedwe pamodzi ndi chenjezo lake. Ana ndi amayi oyembekezera ankaletsedwa mazira, pamene iwowo ndiwo ofunika mazirawo koposa. Abambo tinkalandira ntchafu ndi nthutumba ya nkhuku, ana n'kumatola zipalapasiro. Ngakhale chidulo, chimene ine ndimachikonda m'therere kuposa soda wa m'sitolo, akatswiri amati chimaononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B a m'masamba. Lembani mmene amachichezera, kuyambira pa kutentha zitsononkho kapena makoko a nyemba mpaka pa kudonthetsa madzi paphulusa, chifukwa ndi nzeru yodabwitsa imene makolo adaitulukira opanda sukulu. Koma lembaninso pansi pake kuti masamba anthete safuna chidulo. Mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, adatero akulu, ndipo mwambiwu sukutiuza kuti tiziti mwendowo ndi wautali.

Latsala funso lija la katundu pa tsiku losiyana. Mapulogalamu ambiri amasunga zimene mwalemba m'makompyuta a eni ake kutsidya la nyanja, inu n'kumangoziona kudzera pa intaneti. Pamenepa pali misampha ingapo. Woyamba ndi wa ndalama. Chimene lero n'chaulere mawa chikhoza kukhala cholipira, monga zidachitikira mu 2022 pamene a MyFitnessPal adasamutsira njira yojambulira timizere ta papaketi ku gawo la olipira okha. Malipirowo amakhala a madola mwezi ndi mwezi, ndipo inu mukukumbuka mmene kwacha idagwera ndi 44 pa 100 tsiku limodzi mu Novembala 2023. Wachiwiri ndi wa chinsinsi. Mu 2018 kampani yomweyo idalengeza kuti akuba a pa intaneti adatenga mayina ndi makeyala a makalata a anthu ake pafupifupi 150 miliyoni. Munthu amene akulemba matenda ake, kulemera kwake ndi chakudya chake cha tsiku ndi tsiku ayenera kudziwa kuti akuuza yani. Wachitatu ndi wa kuno kwathu: netiweki imabwera ndi kupita, bandulo imatha, magetsi amazima. Buku la kaphikidwe limene silitseguka popanda intaneti lili ngati nkhokwe imene kiyi wake ali ndi munthu wa ku Joni.

Ndiye musanalembemo ngakhale kaphikidwe kamodzi, yesani izi. Zimitsani intaneti muone ngati ikutseguka. Kenako funani njira yotulutsira zonse zimene mwalemba kuti zikhale m'kompyuta yanu, m'maonekedwe amene pulogalamu ina iliyonse ingawerenge, ndiponso zotheka kusindikiza papepala. Ngati khomo lotulukira mulibe, musalowe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Makampani amagulitsidwa, amasintha maganizo, ena amatsekedwa, ndipo palibe ngakhale imodzi imene idalonjeza kuti idzasunga mawu a agogo anu kufikira adzukulu a adzukulu anu.

Mwina mukuyembekeza kuti nditchule dzina la pulogalamu imodzi kuti nonse mukaitenge. Sinditero, chifukwa mayina amenewa amasintha msanga kuposa mitengo ya feteleza, ndipo chimene chikuyenera wa ku Johannesburg wogula chakudya cha m'mapaketi sichingayenere wa kuno. Iwe wa ku Johannesburg, ngati ufuna yowerengera zakudya, tenga ina iliyonse yolola kuonjezera zakudya zako, ulembemo nsima, nyemba ndi ndiwo zathu kuchokera m'buku la 2019 lija, ndipo mizere yolembedwa ndi anthu osadziwika uziikayikira. Koma ntchito ziwirizi, yowerengera chakudya ndi yosunga kaphikidwe, musazimangirire pa chingwe chimodzi. Yoyambayo ikatayika mudzayambanso mawa. Yachiwiriyo ikatayika ndi madzi otayika, saoleka.

Ife kuno tayamba motere. Ndagula kope lalikulu lachikuto cholimba, longa lija tinkalembamo kaundula, ndipo tsamba lililonse lili ndi chakudya chimodzi: dzina lake m'Chichewa, dzina lachingoni ngati likukumbukika, mwezi wake, kumene chimapezeka, amene watiuza, ndi magulu amene chikulowa mwa asanu ndi limodzi aja. Agogo anu akamaphika ndimatchera foni pafupi ndi mafuwa kuti igwire mawu awo, ngakhale poyamba ankati ndikuwatchera msampha ngati mbewa. Mdzukulu wa ku Lilongwe akabwera amakopera zonse m'kompyuta yake, m'zolembera wamba zopanda malipiro, natumiza kwa abale ake atatu kuti zisakhale pamalo amodzi. Tafika pa tsamba 23.

Tsamba la nkhwani wotendera lidatenga masiku awiri, chifukwa padabuka mlandu. Agogo anu amati matimati amalowa nsinjiro zisanathiridwe. Alamu awo a kwa Ganya, amene adabwera kudzationa sabata imeneyo, adati ayi, nsinjiro ziyambe zapsa, matimati apambuyo, apo ayi ndiwo zimachita madzi. Adandipempha kuti ndigamule monga mphunzitsi wamkulu, ine ndidakana, ndipo ndidalemba njira zonse ziwiri, iliyonse ndi mwini wake. Pulogalamu ija ikadandifunsa kuti yolondola ndi iti.

Za chidulo agogo anu akana kufotokozera foni. Akuti ameneyo ndi mwambo wa manja, ndipo wofuna kuudziwa abwere adzatenthe yekha zitsononkho. Tazisunga kale m'thumba kuseri kwa nkhokwe. Amene mubwere pa nthawi ya Umhlangano ku Nkolimbo, konzani zoti mudzagone masiku awiri owonjezera, ndipo mudzatenge zovala zosaopa utsi.